Khoma Limene a Yobe Adasiya Pakati

Taika pansi chogudubuza chakocho, iwe Tadala, penti akuyenderera mpaka m'chigongono. Nawe Mphatso, mwamuna wanga wopanda ndevu, tsika pampandopo usanauthyole mwendo. Bwerani mukhale pakhonde pano, khomalo liyambe lauma. Mwangopaka kumene, ndiye mukufuna kubwereza pomwepo ngati pali wina akukuthamangitsani. Ana inu mumapenta monga mmene mumadyera, choimirira, diso lina lili pafoni.

Sindikukunyozani ayi. Mwachita bwino kubwera tchuthi chino kudzandikonzera pabalaza, ndipo mtundu mwasankhawo ndaukonda. Koma mmawa muja, nditakuuzani kuti muyambe mwazula misomali ndi kumata maenje ake, ndinakuonani mukutsinana. Mphatso mpaka anafunsa kuti, "Agogo, za penti inu mumazidziwira kuti?" Tengani mbatatazo muzidya, ndikuuzeni.

Ine ndine mwana wa kumapiri a Ntchisi. Kwathu kudalibe penti, nyumba tinkazira ndi manja. Tinkapita kudambo kukakumba mtsiro wakuda, kwina tinkapeza dothi lofiira, kwina loyererako, n'kusenza m'madengu mpaka makosi kuwawa. Amayi anga ankazira pansi n'kukulungiza ndi mwala wa mumtsinje mpaka pansipo kumawala ngati pathiridwa mafuta. M'munsi mwa khoma ankadula mzere wakuda ndi chikhatho basi, wowongoka, osayeza ndi chilichonse. Inu mwabwera ndi tepi yomata m'mbali kuti penti asalumphe malire. Nzabwino, sindikutsutsa. Kungoti ife tepi yathu idali diso.

Agogo anu aamuna, a Yobe, simudawaone. Pachithunzi chili m'chipinda chija adatuluka ngati munthu waukali, koma adali munthu wanthabwala, wamfupi, wokonda kuimba mluzu. Ntchito yawo idali yopenta nyumba. Adaiphunzira ku Lilongwe nthawi imene ankamanga likulu, nyumba zikungomera m'thengo. Tidaonana paukwati wa msuweni wanga, ndipo chimene ndidayamba kuona ndi zikhadabo zawo, zoyera m'mbalimbali ngati achokera kokanda ufa. Atandifunsira sadafune chikamwini. Adakapempha kwa amalume kuti anditenge chitengwa, ndiye ndidabwera kuno ku Dzoole, kumene ndidalibe mbale ngakhale mmodzi. Ulendowo tidayamba wapansi, kutsika ndi kukwera zitunda, kwinako tidakwera lole ya fodya, ine nditakhalira mtolo wanga, fumbi mpaka m'makutu. Masiku ano mumadandaula minibasi ikangoima kanthawi pa Mponela.

Nyumba ino tidaimanga pang'onopang'ono. Chaka china tidaumba njerwa n'kuwotcha, chaka china fodya adatipatsa malata, chinanso a Yobe adaitana mmisiri kudzaika pulasitala. Nthawi imeneyo Feliya, azakhali anu, adali atayamba kuthamanga, bambo anu ali kumsana. Ine ndinkafuna tipente msanga, anthu aone. Iwo ankangoseka.

"Khoma lidakali ndi madzi limeneli, Nambewe," ankatero. "Gwirani apa. Mukumva kuzizira? Mukalipaka lero, mwezi wamawa lifundula ngati njoka. Lisiyeni lione chilimwe."

Chilimwe chitafika adayamba. Penti wa m'chitini adali wa nyumba za eni ake, kwathu kuno adagula thumba la laimu. Adamuviika mumgolo, nathiramo mchere kuti asamatsalire m'zovala za anthu akatsamira khoma, ndi kabuluu kochapira kuti ayere mbee. Kenako adasefa pa chiguduli cha saka monga tisefera ufa. Ine ntchito yanga idali kutunga madzi ndi kuyala masaka pansi. Burashi sankandipatsa. "Laimu amadya manja," ankatero. "Anuwo ndi ogwirira ana."

Ndinkaonerera nditakhala pakhomo. Asanapake ankayamba asesa khoma lonse ndi tsache, kuchotsa fumbi ndi ulusi wa akangaude. Kenako ankalipapasa ndi chikhatho, maso atatsinzina, ngati munthu wosankha nsalu. Akapeza potupa ankapakhula ndi chibenthu cha njerwa, akapeza mng'alu ankamata. Tsiku lathunthu linkatha asanaviike burashi. Poyamba kupenta ankayambira m'mwamba, kudula m'ngodya ndi m'mbali mwa mafelemu ndi kaburashi kakang'ono, kenako n'kudzaza pakati ndi yaikulu. Lamulo lawo lidali lakuti khoma ukaliyamba ulimalize, chifukwa ukalisiya pakati, pamene udalekezera pamaoneka mpaka kalekale.

Eni ake omwewo ndiwo adaswa lamulolo. Adamaliza khoma la kuzenera pabalaza, nayamba la pakhomo lolowera kuchipinda. Ali pakati, padafika munthu wapanjinga kudzawaitana kuti kuli ntchito yofulumira ku Mponela, ofesi ina ikufunika kupentedwa alendo akuluakulu asanabwere. Ntchito yotero sinkakanidwa masiku amenewo. Adatsuka burashi, naikoloweka pamsomali, nandiuza kuti ndithire madzi pamwamba pa laimu wotsala mumgolo, ndivundikire. Adati abwera Loweruka.

Loweruka padabwera njinga yokha. Adabwera nayo a Tomasi, akulu awo a agogo anu, akuikankha, osaikwera. Adaitsamiritsa kunkhokwe. Ndidawayalira mphasa koma sadakhale.

"Alamu, a Yobe atengedwa."

"Atengedwa ndi ndani?"

Adayang'ana kumsewu, kenako kuseri kwa nyumba. "Musafunse mokweza."

Ana inu simungamvetse msanga, ndiye ndifotokoze. Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, ndipo muofesi iliyonse, m'sitolo iliyonse, munkakhala chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chopachikidwa pamwamba kuposa china chilichonse, kuposa ngakhale wotchi. Agogo anu, pofuna kuti khoma lituluke bwino, adachitsitsa, monga mwachitira inu ndi kalendala yanga mmawa uno. Adachiika pasaka, nkhope itayang'ana kukhoma kuti madontho asachigwere. Wina adalowa, naona, natuluka osanena kanthu. Masana ake kudabwera galimoto. A Tomasi adamva kwa mayi wogulitsa zitumbuwa panja pa ofesiyo kuti adawakweza manja adakali ndi penti.

"Akafotokoza awamasula," ndidatero. "Si nkhani imeneyi."

"Musapiteko, alamu. Muli ndi ana."

Ndidapita. Ndidasiya Feliya kwa akazi awo a Tomasi, n'kubereka bambo anu mpaka kuboma. Ndidanyamula chigumu, mtedza wokazinga ndi jekete lawo, poti kumtundako kumazizira. Munthu wa pawindo adandifunsa dzina la amuna anga, nalibwereza pang'onopang'ono, nati kulibe munthu wotero. Nditaumirira adatsitsa mawu. "Mayi, bwererani mukalere ana. Jeketelo mukalisunge." Chigumucho tidadya panjira ndi bambo anu, amene mano adali atangoyamba kumera.

Chimene chidatsatira sichidali chipongwe. Palibe adanditukwana. Anthu adangosiya kubwera. Kanjira kochokera kumsewu kufika pakhomo pano kadamera udzu. Ndikafika kuchitsime nkhani zinkatha, aliyense n'kuyamba kutsuka ndowa yake mwakhama. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhalapo inkatsala ndi malo ambiri, chonsecho kumbuyo anthu atapanikizana. Amayi amene tinkasinja limodzi ankandipatsa moni ndi maso okha. Sindiwada ayi. Aliyense ankaopa kuti wina amuona akulowa m'nyumba ya munthu woukira boma, ndipo sitinkadziwa kuti wina ameneyo ndi ndani. Mwina adali pakati pathu pomwepo pachitsime.

Kovina kokha ndiko ankandikumbukira. Mtsogoleri akamabwera chigawo chino, amayi tonse tinkayenera kukavina titavala nsalu ya nkhope yake. Anyamata a chipani ankaima kumsewu uko n'kukuwa kuti lole inyamuka mmamawa. Ndinkavala nsaluyo, nkhope ija ili pamimba panga, n'kukavina mzere wakumbuyo. Mawu ndidali nawo abwino, inu mukudziwa. Ndinkaimba.

Mvula yoyamba itagwa adabwera amalume kuchokera ku Ntchisi. Iwo adalowa m'nyumba, poti adali mlendo. Adakhala pabalazapo, nayang'ana khoma limodzi loyera, lina loyera theka, enawo a simenti.

"Longedza, Nambewe. Kwanu kuli munda, kuli amako. Anthu otengedwa chonchi ambiri sabwerera."

"Nanga akabwerera apeza ndani?"

"Njira ya ku Ntchisi akuidziwa. Adaidziwa pokufunsira."

"Adandisiyira laimu mumgolo, malume. Adati ndimusunge."

Amalume adandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuganiza kuti mutu wanga wayamba kusokonekera. Mawa lake adandithandiza kubzala ndime imodzi ya chimanga, napita.

Dzinja limenelo lidatalika. Mvula ikamagwa pamalata, mukudziwa, simumvana ndi mnzako, koma ine ndidalibe womvana naye. Ndinkapalira ndekha, kubandira ndekha, mwana nditamugoneka pansi pa msuku, Feliya akumuingitsira ntchentche. Fodya ndidamusiya, ntchito yake si ya munthu mmodzi. Tinkadya nkhwani, chisoso, bowa wa m'phiri, zimene inu mumakwinya nazo nkhope mukabwera kuno. Pa Khirisimasi ndidapha nkhuku, ndidaphika mpunga wambiri mwachizolowezi, ngati kubwera anthu. Tidaudya mpaka udayamba kusasa. Tsiku lina ndidapeza ndime ya kumunsi kwa munda itapaliridwa kale, m'mizere muli mapazi a nsapato za matayala ngati za a Tomasi. Titakumana panjira ndidafuna kuthokoza, iwo adangokweza chipewa n'kupitirira.

Chimene chinkandisautsa m'nyumba ndi khoma la theka lija. Ndikakhala pansi kutongola chimanga linkakhala pamaso panga, uku koyera, uku kwakuda, pakati mikwingwirima ya burashi pamene dzanja lawo lidalekezera. Ndidayesa kupachikapo nsalu. Feliya ankaikoka n'kufunsa kuti ababa abwera liti kudzamaliza.

Titakolola, mphepo yozizira itapita, ndidavundukula mgolo. Laimu adali bwinobwino pansi pa madzi, wofewa ngati chambiko. Ndidatsitsa burashi pamsomali.

Musaganize kuti ndidayamba ndi luso. Kuonerera ndi kugwira nzosiyana. Sindidasunge m'mutu kuti laimu akakhala wamadzi amaoneka wotuwa, amayera akauma. Ndidapaka, n'kuona khoma lidakali lakuda, ndidawonjezera, n'kuwonjezeranso, mpaka phala lenileni. Litauma lidang'ambika ngati matope a padambo nthawi yotentha, zibenthu n'kumagwa ana akamenyetsa chitseko. Tsiku limenelo ndidalira kuposa mmene ndidalirira pochokera kuboma. Kenako ndidatenga chibenthu cha njerwa n'kupala zonse, pamodzi ndi theka la agogo anu lomwe, pakuti lamulo lawo lidali loona, pamene adalekezera sipakadabisika. Kupala ntchito ya manja awo kudandiwawa ngati ndikuwatulutsa m'nyumba.

Ulendo wachiwiri ndidasungunula laimu mpaka kukhala wamadzimadzi ngati mkaka. Ndidayamba ndawaza khoma madzi kuti lisamwe msanga. Kuviika nsonga yokha ya burashi, kugogoda m'mbali mwa ndowa kuti wochuluka adonthe. Lero kupaka mopingasa, kusiya liume, mawa kupaka motsitsa. Ndinkadzilankhula ndi mawu awo. "Musathamange, Nambewe. Dzanja lipepuke." Nthawi zina ndinkayankhanso, mpaka Feliya kusuzumira kuti aone ndikulankhula ndi ndani. Nyumba ikakhala yosalowa alendo munthu umayamba zotero. Ukuseka, Tadala? Dikira ukule.

Ndipo kuti mudziwe ngati khoma latuluka bwino, musaliyang'ane maso ndi maso. Tsegulani chitseko mmawa dzuwa likangotuluka, tsamiritsani tsaya kukhoma, muyang'ane chammbali. Pamenepo palibe chobisika, madontho, ubweya wa burashi, pamene mudadumpha, zonse zimaonekera. Mukachite zimenezi mawa pakhoma lanulo, koma musadzandiuze zimene mukapeze.

Burashi ya agogo anu idatha, ubweya wonse kuthothoka. Ndidakwera phiri kukathyola cheyo, kamtengo kaja kamamera pamiyala, n'kusasantha nsonga yake ndi mwala mpaka kukhala ngati ndevu. Kamagwira bwino laimu, kungoti ukakanikiza kamasiya mizere. Manja adang'ambika monga adanenera eni ake. Ndinkapaka mafuta a nsatsi n'kukulunga tinsanza. Taonani zala izi. Si ukalamba wokha.

Cha m'munsi, pamene ana amagwira ndi manja adothi, ndidafuna lamba wakuda ngati wa m'nyumba za aphunzitsi. Penti wamafuta ndidalibe, ndiye ndidabwerera ku nzeru za amayi anga, mtsiro wa kudambo wosefa bwino. Koma diso langa silidali ngati lawo, choncho pofuna mzere wowongoka ndidachita zimene ndidaona kwa a Yobe. Umapaka chingwe makala, kuchikoka cholimba kuchokera ngodya ina kufika ina, kuchikweza pakati n'kuchisiya chimenye khoma. Chimasiya mzere ngati wa m'kope. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina agwire uku, wina uko. Ine ndinkakhoma misomali.

Magalasi a mazenera agogo anu ankawaphimba ndi nyuzipepala zonyowa. Ndidapeza zakale m'bokosi mwawo, koma tsamba lililonse ndikatembenuza pali nkhope ija. Ndidazibwezera bwinobwino osapinda ngakhale ngodya, magalasiwo n'kuwapaka sopo. Laimu akadonthera pasopo amachoka ndi kansalu konyowa basi.

Chaka chilichonse tikakolola ndinkapenta chipinda chimodzi, ndikamaliza zonse n'kuyambiranso pabalaza. Laimu akatha ndinkapeza thumba lina kuseri kwa khitchini. Sindidawafunsepo a Tomasi, iwonso sadanenepo. Mayi wina wa kumpingo, a Nachisale, adandiyandikira tsiku lina kuchigayo, poti kumeneko phokoso limabisa mawu. Adayang'ana manja anga.

"Mukudzivutitsiranji, mayi a Feliya? Nyumba yoti salowamo munthu."

"Adzalowamo mwini wake."

"Mwamvako kanthu?"

"Ayi."

Adandigwira pamkono mwamsanga, n'kubwerera pamzere. Dzanja lawolo ndidalimvabe pamkono mpaka ndidafika kunyumba.

Bambo anu adaphunzira kuyenda, kulankhula, mpaka kuyamba sukulu, a Yobe kulibe. Jekete lija ndinkaliyanika padzuwa chilimwe chilichonse kuti njenjete zisadye.

Adabwera nthawi yotentha, mango asanapse. Ndinkayanika mphale pamphasa. Ndidaona munthu ataima pamene kanjira kathu kankayambira, akufunafuna ndi maso poti udzu udali utatseka. Wowonda, wa imvi, malaya aakulu osakhala ake. Ndidayesa wopempha madzi. Adayandikira, naima chapatali ngati mlendo.

"Odi, Nambewe."

Sindidathamange, sindidalulute. Ndidangokhala pansi pamphale pomwepo. Ana adathawira kuseri kwa nkhokwe.

Nditawapatsa madzi ndidati, "Lowani muone nyumba yanu." Ndidali nditangomaliza kumene kupenta pabalaza, makoma ali mbee, fungo la laimu lidakalimo. Adalowa, naima pakati. Ndinkadikira kuti apapase khoma ndi chikhatho, anene kanthu, ngakhale kundiseka kumene. Ndidaona thukuta likutsika m'khosi mwawo. Adatembenuka, natuluka mofulumira mpaka kugunda phewa pafelemu, nakakhala pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pakati pa mawondo.

Tsiku limenelo adagona m'khitchini, ija yaudzu yakuda ndi mwaye, idali apo pali bafa tsopano. Mawa lakenso momwemo. Mvula idabwera, khitchini ikudontha, iwo momwemo. Ankadyera pakhonde. Akafuna kanthu m'nyumba ankatuma Feliya. Bambo anu ankawazungulira patali, ndipo tsiku lina adandifunsa kuti abambo a m'khitchini aja apita liti kwawo.

Ana inu, ndakuuzani za zaka zimene ndidali ndekha, koma miyezi imeneyi ndiyo idandipweteka koposa. Kale ndinkati akadzabwera zidzatha. Tsopano adali atabwera, ndikuwamva akutsokomola kuseri kwa khoma, ine ndili m'chipinda choyera ndekha. Ndinkaganiza kuti mwina ntchito yanga yawanyansa, kapena akwiya kuti ndidapala khoma lawo, kapena ndine amene ndakalamba. Mluzu sankaimbanso. Anthu adayamba kubwera mmodzimmodzi kudzawaona, koma ankangoima pabwalo, kukamba za mvula, n'kumapita. Za kumene adali palibe ankafunsa, ndipo iwo adali atauzidwa kuti asakanene.

Chaka chimenecho tidabzalanso fodya. Tsiku lina tili awiri m'chigafa tikusoka masamba, ndidalephera kupirira.

"Bambo a Feliya, ngati ndidalakwitsa makoma aja, nenani. Ndipala."

Adapitiriza kusoka.

"Simudalakwitse. M'ngodya mudadula bwino."

"Nanga bwanji?"

"Kumene ndidali adadziwa kuti ndine wopenta." Adaika singano pansi. "Akamva kuti kukubwera akuluakulu ankanditulutsa n'kundipatsa ndowa. Zipinda zonse ndinkapaka ndine. M'makoma mudali zinthu, Nambewe. Mayina amene anthu adalemba ndi zikhadabo. Ndi zina. Ntchito yanga idali kuphimba, kuti kukacha kuoneke koyera. Munthu akamwalira m'chipinda ankandiitananso." Adapukuta manja pabuluku. "Ndikalowa m'nyumba mwanu muja, mphuno imandiuza kuti chitseko chitsekedwa kunja."

Adati m'nyumba mwanu. Tidamaliza fodya wa tsikulo.

Nthawi yamvula sindikadachita kanthu, khoma silikadauma. Ndidadikira mpaka tidakolola. Kenako ndidatenga khasu ndi dengu kupita pamene msewu udadula chitunda, kukakumba katondo wofiira kwambiri. Ndidamuyanika, kumusinja mumtondo, kusefa. Ndidatulutsa katundu yense wa m'chipinda chogona, mgolo n'kuuika pabwalo, pafupi ndi pamene iwo adakhala akusema mpini. Ndidayamba kuthira katondo mu laimu n'kumatakasa.

Adasiya kusema, nasuzumira mumgolo.

"Katondoyo mwasefa?"

"Ndasefa."

"Sefaninso. Mchenga ukatsalamo ulemba mizere." Adasemako pang'ono. "Ndipo musanganize wokwanira chipinda chonse lero lomwe. Mukadzasanganiza wina mawa, mitundu idzasiyana."

"Nanga kufiira kwake kwakwana?"

"Pakani panjerwa iyo, tidikire iume. Wamadzi amanama."

Tidakhala pansi kuyang'anira njerwa ikuuma padzuwa. Idatuluka mtundu wa mphika wongowotchedwa kumene. Adagwedeza mutu kuvomereza. Burashi sadaigwire tsiku limenelo, ndipo sadaigwirenso mpaka imfa yawo. Pambuyo pake anthu akamafuna wopenta ankabwera kwa ine, ndidapenta nyumba za aphunzitsi, ndidapenta ndi tchalitchi chomwe chija cha benchi yopanda anthu. Koma zimenezo nza m'tsogolo. Tsikulo ndikupenta, adabwera kudzaima panja pa zenera n'kumandiuza pamene ndadumpha. Nditamaliza adati ndisiye mazenera otsegula mpaka fungo lithe, ndifukizemo masamba a bulugamu. Ndidachita zimenezo. Kenako ndidawapempha kuti andibwereke chomasulira, ndidazula chitseko cha chipindacho pafelemu. Adandilandira pakhonde, tidachinyamula awiri kukachiika m'chigafa, pakhomopo ndidapachika nsalu. N'chifukwa chake mpaka lero chipinda changa chilibe chitseko, Mphatso, si umphawi ayi.

Sindidawaitane kuti alowe. Masabata adapita, iwo m'khitchini, ine m'chipinda chofiira.

Mmawa wina, kukuzizira, ndidalawirira kuchitsime, ndidawasiya akutsokomola m'khitchinimo. Pobwera ndidapeza mulibe munthu, bulangeti lawo mulibenso. Ndidayang'ana kuchigafa, kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mango. Ndidafika mpaka kumsewu, ndowa idakali pamutu, kukayang'ana ngati pali matayala a galimoto pafumbi. Padalibe. Ndikubwerera ndidamva nkonono kuchokera pazenera la kuchipinda.

Ndidatula ndowa pang'onopang'ono. Ndidalowa monyang'ama, n'kukweza nsalu ija. Adali pabedi, atafunda bulangeti lawo lonunkha utsi, nsapato ataziika bwinobwino pansi, pakamwa pali yasa. Ndidabweza nsalu. Ana ndidawatulutsira kukhomo lakuseri, mbatata m'manja, kuti azipita kusukulu. Nkhuku ndidaziwazira gaga kutali, kuseri kwa chigafa. Kenako ndidakhala pakhonde pano.

A Tomasi adafika khasu lili paphewa, kudzawatenga kuti apite kudimba.

"Ali kuti a Yobe, alamu?"

"Akugona. Tsitsani mawu."

Adayang'ana kukhitchini.

"Ayi," ndidatero. "M'nyumba."

A Tomasi adaima kanthawi. Kenako adagoneka khasu pansi mosamala kuti lisalire, navula chipewa, nakwera pakhonde pano n'kukhala pansi. Tidadikira awiri mpaka dzuwa lidafika paliwombo.